Kasingano Akuti Wakhuta

Kasingano ankadya chitseko chili chokhoma, katani atatsitsa, wailesi atakweza pang'ono kuti aneba asamve supuni ikugunda mbale. Dzinalo anamupatsa ndi anthu a mumsewu umene ankasokeramo zovala, poti anali wowonda komanso singano sinkachoka pamilomo pake. Ambiri ankachita kulumbira kuti mtsikana ameneyu amakhalira tiyi basi. Bodza lenileni. Kasingano ankamva njala ngati wina aliyense, mwinanso kuposa.

Madzulo a Lachisanu limenelo anakhala pabedi, kontena ya pulasitiki ili pamiyendo. Munali mpunga ndi nyemba zothira adyo, zophika chibwenzi chake, mnyamata wokonza zamagetsi amene anzake ankamutchula kuti Anyezi chifukwa manja ake sankasiya kununkhira anyezi ngakhale atasamba ndi sopo wamtundu wanji. Mnyamatayu akalowa kukhitchini ankasanduka munthu wina. Ankaimba, ankalankhula ndi mapoto ngati ana ake, ndipo kumsika ankatha kununkhiza tomato mmodzimmodzi mpaka ogulitsa kumufunsa ngati akufuna kugula kapena kufunsira. Kwa iye, kuphikira munthu ndiye kunali kumuuza kuti ndimakukonda, mawu enawo ankawaona ngati ongowonjezera.

Kasingano anadya zonse, anapala m'makona ndi chala, n'kunyambita chalacho maso atatsinzina. Foni inalira. Anali Anyezi, akufunsa kuti zinali bwanji. Mumtima mwake munadzaza mawu, ankafuna kulemba kuti nyemba zimenezi zamukumbutsa kuti padziko pano pali zabwino, koma chala chinangolemba zamasiku onse kuti zinali bwino, zikomo.

Vutoli linayamba kalekale. Bambo ake atamwalira, iye akali wamng'ono, anakamusiya kwa azakhali ake kuti azipita kusukulu ali kumeneko. Tsiku lina, mwaubwana, anatambasula mbale n'kupempha kuti amuwonjezere. Azakhaliwo anaitana ana awo onse kuti adzaone mlendo amene wabwera kudzawamaliza, ndipo nyumba yonse inafa ndi phwete. Kuchokera pamenepo, pa nthawi ya chakudya asuweni ake ankaperekeza ndi maso dzanja lake kuchoka m'mbale mpaka pakamwa. Anakula, anaphunzira kusoka, anapeza chipinda chakechake, koma khosi silinaiwale. Munthu akangomuyang'ana akudya, linkatsekeka ngati wina walimanga ndi ulusi.

Ndiye anadziphunzitsa kunyoza chimene ankachiopa. M'chipinda mwake munali ketulo, kasitovu ka mbale imodzi ndi kapoto kowiritsira mazira. Aliyense womufunsa ankamuuza kuti kuphika n'kutaya nthawi. Anyezi sankadziwa za azakhali aja. Ankangodandaula mwanthabwala kuti chibwenzi chake chimadya ngati chikumwa mankhwala, ndipo atatopa kumukakamiza patebulo, anayamba kumulongedzera m'kontena.

Foni inaliranso. Uthengawo unkati amayi ake a Anyezi akufuna kumuona Lamlungu masana, ndipo akamukonda, mwezi ukamatha adzapita kukaonana ndi amayi ake a Kasingano kuti nkhani ya ukwati iyambe kuyenda. Pansi pake mnyamatayo anawonjezera kuti asavutike n'kunyamula kanthu, angobwera ndi njala.

Kasingano anawerenga mawu omalizirawo kangapo.

*

Kunyumba kwa amayi ake a Anyezi pabalaza panali pa mipando basi, anthu ankakhalira kukhitchini. Kasingano atafika Lamlungulo anapeza muli thothotho, alongo ake a Anyezi, alamu ake, aliyense ali ndi chochita, wina akusenda mbatata, wina akutsutsa kuti tsabola wachuluka asanalawe n'komwe. Nthunzi inali itanyowetsa magalasi a mawindo.

Amayiwo anali munthu wamkulu thupi, wa miyendo yotupa, woyenda atagwira khoma. Anamulandira ndi manja awiri, anamutcha mwana wanga, n'kumukhazika pampando wabwino kuposa yonse. Kenako anaulula akuseka kuti anafunsa mwana wawo chimene mlendoyu amakonda kudya, koma iye anangokanda m'mutu. Ndiye iwo anadzuka kusanache n'kuphika zosiyanasiyana, nkhuku yokazinga, nyama ya msuzi, mpunga, mbatata, kabichi, kuti pa zonsezi chimodzi chokha chimugwire mtima. Anyezi anayang'ana kumbali. Zinamuchititsa manyazi kuti chaka chonse cha chibwenzi sankadziwa kanthu kakang'ono ngati kameneka.

Munalinso wina amene Kasingano sanamuyembekezere, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, amene anthu ankangomuti Wa Saluni poti ankaluka tsitsi. Anakulira limodzi ndi Anyezi, ndipo msewu wonse unkadziwa kuti kuyambira kale ankadziwerengera kuti mpongozi wa pakhomopo ndi iyeyo. Ankadziwa pokhala mchere, ankadziwa kabati imene chitseko chake chimafuna kukankha ndi bondo. Ankavundukula mapoto osapempha, kulawa, n'kuwauza amayiwo kuti lero ndiye mwatipha. Iwo ankamukalipira mokondwa kuti achotse manja.

Pakhomopo panali lamulo lake. Amayiwo ndiwo ankapakulira aliyense, ndipo sankakhala pansi mpaka atamva mawu a munthu aliyense pa chakudyacho. Womaliza msanga n'kutambasula mbale kuti amuwonjezere ndiye ankakhala mwana wabwino tsiku limenelo. Mbale ya Kasingano anaidzaza mpaka msuzi kufika m'mphepete, n'kuima pambali pake atagwira tebulo, akudikira.

Abale inu, fungo lake! M'mimba mwa Kasingano munalira moti anakhosomola kuti abise. Chidzukire anali asanaike kanthu m'kamwa, poganiza kuti njala ikakula khosi lidzatseguka lokha. Koma atakweza supuni anaona maso. Maso a amayi, a alongo, a alamu, a Anyezi odzaza chiyembekezo, ndi a Wa Saluni amene ankamuyang'ana uku akuyamwa fupa. Palibe amene ankamufunira zoipa kupatula mmodzi, koma khosi silinasiyanitse. Anatafuna kampunga pang'ono, kanakana kutsika, anakakankha ndi madzi. Anayesanso kachidutswa ka nkhuku, kanazungulira m'kamwa ngati thonje. Anaika supuni pansi.

"Mwana wanga, mchere wachepa kodi?" anafunsa amayiwo.

"Ayi Amayi, zili bwino. Ndakhuta."

Mlamu wina anaseka poyesa nthabwala, koma ataona kuti akuseka yekha anasiya. Wa Saluni anatambasula mbale yake kuti amuwonjezere, ndipo ali mkati molandira anafunsa ndi mawu ofatsa ngati a mwana kuti nanga achemwaliwa kwawo amakonda kuphika chiyani, popeza mwina anazolowera zapamwamba kuposa izi.

Pamenepo Kasingano akanangokhala chete zikanamuthandiza. Koma manyazi akamukwera munthu amafuna povala, ndipo chovala chimene chinali pafupi chinali chomwe chija chamasiku onse.

"Ine zophikaphikazi sindiziwerengera kwenikweni," anatero. "Chakudya n'chakudya basi, bola m'mimba mwalowa kanthu. Kutha tsiku lonse munthu uli pamoto ndimaona ngati n'kusowa chochita."

Kasingano anawamva yekha mawuwo akugwera pa miyendo yotupa ija, imene inaima pamoto kuyambira kusanache chifukwa cha iye. Amayiwo sanakalipe. Anatenga mbale yake mwakachetechete, anaivundikira ndi mbale ina, n'kuiika pamwamba pa kabati. Kenako anakhala pansi, koma chakudya chawo sanachikhudze.

*

Anyezi anamuperekeza kokwerera basi manja ali m'thumba. Atayamba kulankhula sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndiye zinapweteka kwambiri. Anati amayi ake dokotala anawaletsa kuima nthawi yaitali, koma lero anakana kuti wina aliyense akhudze nkhuku ija. Anati iye anapirira chaka chonse akumva kuti zinali bwino, zinali bwino, ngati akufunsa za nyengo, koma sankaganiza kuti mayi ake nawonso angalandire zomwezo, n'kuwonjezerapo chipongwe. Anafunsa ngati m'nyumba yawo yam'tsogolo azidzadya aliyense payekha, ataima, ngati anthu odikira basi.

Kasingano ankafuna kugwada pamsewu pomwepo n'kumuuza zonse. M'malo mwake anamuuza kuti abwerere, akathandize kutsuka mbale, njira akuidziwa. Anyezi anamuyang'ana kanthawi, n'kubwereradi.

Basi inachedwa. Pafupi ndi pokwererapo panali kashedi ka bambo wina wokazinga tchipisi ndi masoseji, ndipo mphepo inkabweretsa fungolo molunjika kwa iye ngati yatumidwa. Anayang'ana uku ndi uku, sanaone womudziwa. Anagula tchipisi todzaza pepala ndi masoseji awiri, anazungulira kuseri kwa kashediko kumene kunali makireti a mabotolo, n'kunyonyomala atayang'ana kukhoma.

Mmene anadyera, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Ankatapa ndi manja onse awiri, kumeza osatafuna bwino, mafuta akuyenderera pachibwano mpaka kudontha pa bulauzi imene anaisoka yekha chifukwa cha tsikuli. Misozi inkatsika n'kusakanikirana ndi mchere, koma sanasiye. Sanamve n'komwe wokazinga uja akuuza munthu wina kuti mtsikana wowonda wa bulauzi yoyera ali kuseriku.

Atatembenuka anaona masilipasi, kenako miyendo yotupa. Amayi ake a Anyezi anali ataima akupuma movutika, dzanja limodzi litatsamira paphewa la Wa Saluni, linalo litanyamula mbale ija, yovundikira, yomangidwa bwinobwino m'kansalu koyera. Kani Anyezi atangotuluka, iwo anauza ana awo kuti asamuweruze mwana wa eni, mwina ndi manyazi a tsiku loyamba, akadya yekha kwawo. Anakana kutuma munthu. Anayenda okha mtunda wonsewo, mwa njira yachidule, kuti amupeze basi isanabwere.

Kasingano anaimirira, theka la soseji lili m'dzanja, masaya ali otupa ndi chakudya. Sakanatha kupereka moni, sakanatha kumeza. Amayiwo anayang'ana pepala lamafuta lija, anayang'ana chibwano chake, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamvetsa nkhani.

"Ndimayesa mwadwala, kapena ndi manyazi," anatero. "Kani njala muli nayo. Ndi zanga zokha zimene sizilowa."

Mawu oti mwana wanga anali atatha. Anatembenuka, mbale ili m'manja, n'kuyamba kubwerera. Ankayenda pang'onopang'ono kwambiri moti Kasingano anawaonerera nthawi yaitali, ndipo Wa Saluni anapeza mpata wocheuka kawiri konse.

*

Masiku otsatira foni inakhala ngati yafa. Kasingano ankalemba uthenga wautali, kuufufuta, kulembanso wamfupi, kuufufutanso. Kupepesa ankafuna, koma akanapepesa bwanji osafotokoza, ndipo akanafotokoza bwanji kuti mkazi wamkulu ngati iye amaopa supuni? Pomaliza anangotumiza mawu oti pepa. Yankho linabwera tsiku lotsatira, liwu limodzi lokha loti ndamva. Kontena sinabwerenso. Ankawiritsa mazira ake n'kumadya ataima, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti chipinda chake sichinunkhira kanthu.

Chapakati pa sabata Wa Saluni anatulukira kushopu kumene Kasingano ankasokera, diresi lili m'manja, milomo ili psuu. Anapereka moni wautali, wokoma, wofunsa ndi za kunyumba komwe. Anati diresilo lamuthina m'chiuno, alikulitseko, poti iye ndi munthu wakudya, sangachitire mwina. Kasingano anatenga tepi n'kumuyeza, maso ali pansi.

Ali chiimire choncho, mikono atatambasula, Wa Saluni anayamba kuthira nkhani ngati akumuchitira chifundo. Anati amayi aja miyendo inatupiratu chifukwa cha ulendo uja, agona masiku awiri. Anati mbale ija sanalole kuti wina adye, anakapatsa agalu. Anati achibale onse amva, ngakhale a kutali, koma iye sakudziwa kuti wawauza ndani. Kenako anatsitsa mawu.

"Musandiyese woipa achemwali, ndangoti mumve kwa ine kusiyana ndi kumva mumsewu. Amayi anena kuti kwa mayi anu sapondako. Akuti munthu wonyoza mbale yawo adzanyozanso mwana wawo."

Kasingano anamuuza kuti diresi adzatenge Lolemba. Mtsikanayo atatuluka, anakhala pa makina osapalasa, akuyang'ana nsalu imene sankaiona. Ankamukonda Anyezi. Ankamukonda moti kuganiza zoti wina azidzamva nyimbo zake zakukhitchini kunkamusowetsa mtendere. Ndipo ankamutaya chifukwa cha chinthu chimene ngakhale mwana woyamwa amachita popanda kuphunzitsidwa.

*

Loweruka masana anatseka shopu msanga n'kupita kumene Anyezi ankachita lendi. Pakhomo anaima nthawi yaitali asanagogode. Mnyamatayo atatsegula, Kasingano anadzidzimuka. Ndevu zinali zosameta, maso olowa, malaya omwe aja a Lamlungu. Sanamukumbatire, koma sanamubwezenso. Anangopatuka kuti alowe.

Pasitovu panali poto wofiira amene Kasingano sanamuonepo, akutuluka nthunzi pang'onopang'ono. Anaganiza kuti wagula watsopano. Fungo la nyama linali litadzaza chipinda chonse.

Anakhala pampando, chikwama atachikumbatira, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana miyendo ya tebulo. Anafotokoza za azakhali aja, za mbale imene anatambasula, za kuseka kuja, za maso operekeza dzanja. Anafotokoza za chitseko chokhoma ndi wailesi. Anaulula kuti kontena iliyonse imene ankamupatsa ankaipala ndi chala mpaka kuwala ngati yatsukidwa, ndipo masiku ena ankaiyembekezera kuyambira m'mawa. Anati mawu aja anawalankhulira amayi sanali ake, anali chishango chabe, ndipo chakudya chawo chinkanunkhira bwino kuposa chilichonse chimene anachionapo. Pofika kumapeto mawu anali atasasa. Manyazi ake anali oti ankalakalaka simenti itang'ambika kuti alowemo.

Anyezi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti chitsiru ndi iyeyo, chaka chonse ankayang'ana mbale m'malo moyang'ana munthu. Anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire kale. Kasingano anati ankaopa kuti amuseka. Mnyamatayo anati azakhali amenewo akadzabwera ku ukwati adzawapakulira yekha, phiri lathunthu, n'kuwaimirira pambali mpaka amalize. Kasingano anaseka misozi ili m'masaya, ndipo kusekako kunamupatsa mtima umene sanakhalepo nawo.

"Ndipakulire," anatero. "Ndikufuna ndidye pano, iwe ulipo."

Anyezi anayang'ana poto uja, nkhope inasintha. Anatsegula pakamwa n'kuyamba kunena kuti koma chakudyachi, koma Kasingano anamudula.

"Usanene kanthu, chonde. Ukangolankhula ndibwerera m'mbuyo. Ingopakula."

Mnyamatayo anazengereza, anakanda m'khosi, kenako anapakula. Nyama ya msuzi wokhuthala, mbatata zofewa, mpunga pambali. Anaika mbaleyo patsogolo pake. Kasingano anakweza supuni, anaona maso ake, khosi linayamba kumangika. Anyezi anazindikira. Osalankhula kanthu ananyamula mpando wake, anautembenuza, n'kukhala atayang'ana kukhoma ngati mwana wolangidwa m'kalasi.

Supuni yoyamba inatsika movutika. Yachiwiri inatsika yokha. Kenako Kasingano anaiwala kuwerenga. Ankadya m'chipinda muli munthu wina, chitseko chosakhoma, popanda wailesi, supuni ikugunda mbale poyera, ndipo dziko silinathe. Ankaona msana wa mwamuna amene ankamukonda, makutu ake atafiira, ndipo chimwemwe chinamudzaza mpaka kumupweteka pachifuwa. Mbale itayera anachita chinthu chimene anali asanachitepo chichokere kwa azakhali ake. Anaitambasula.

"Ndiwonjezere."

Anyezi anadzuka, anapakulanso maso ali pansi, n'kubwerera kukhoma kwake. Kasingano anaona ngati ndi ulemu chabe. Tsopano pakamwa panali patamasuka, ndipo mawu onse amene anawameza chaka chathunthu ankafuna kutuluka nthawi imodzi. Anaganiza zomupatsa mphatso imene mnyamatayu anaidikira nthawi yonseyi.

"Ndikuuze zoona? Pa zonse zimene wandiphikirapo, palibe chofika apa. Izi ndiye zokoma kuposa zonse. Munthu wophika chonchi sungamusiye, ngakhale zitavuta bwanji."

Msana uja unauma. Anyezi sanatembenuke, anangogwira mutu ndi manja onse awiri. Ndi mawu otsika, akulankhula ndi khoma, anati pali chimene amafuna kumuuza poyamba paja. Chichokere Lamlungu iye sanayatse moto kuti aphike, mtima wake unalibe mphamvu, ngakhale mpeni sanaukhudze. Amayi ake atamva kuti mwana wawo akugona ndi njala anakonza zoti azilandira chakudya tsiku lililonse. Iye ankangotenthetsa.

Kasingano anali atangoika supuni ina yodzaza m'kamwa. Mumtima anayamba kuthokoza kuti mwina wayamikira dzanja la amayi, kuti mwina mawu amenewa akawafika akawafewetsa. Koma anakumbukira kuti amayiwo anali chigonere ndi miyendo.

Pachitseko panamveka kiyi akulowa, akuzungulira mbali imodzi, kenako inayo, ngati wa munthu amene anazolowera kupeza pokhoma. Chitseko chinatseguka popanda odi. Wa Saluni analowa atanyamula poto wina wokutidwa ndi nsalu, kiyi wa chipinda cha Anyezi akulendewera pa chala chake. Anaima. Anayang'ana mnyamata woyang'ana kukhoma, anayang'ana poto wake wofiira amene anali atatsala pang'ono kuyera, kenako anayang'ana Kasingano, masaya otupa, msuzi uli pamilomo. Kumwetulira kunayamba pang'onopang'ono mpaka kunadzaza nkhope yonse.

"Musadzidzimuke achemwali, kiyiyu anandipatsa ndi Amayi," anatero, akuika poto watsopanoyo pasitovu. "Pitirizani kudya, musachite manyazi. Ndamva ndili pakhomo zonse mwanenazi, ndipo ndikawauza Amayi mmene mwanenera. Zawo munakhuta, za mwana wawo zinali bwino chabe, koma zanga mwachita kupempha kuti akuwonjezereni."

Kasingano anayang'ana Anyezi kuti anene kanthu. Mnyamatayo anali adakayang'ana kukhoma. M'kamwa mwa Kasingano munali chakudya cha mkazi mnzake, chokoma mpaka pano, ndipo sakanatha kuchimeza kapena kuchilavula.